Lumbiro la Khukhi wa pa Boda ya Mchinji

Amene anayendapo pa boda ya Mchinji m'zaka za m'ma 1980 sangawaiwale a Timoteyo, mkulu wamfupi wadazi amene ankakhala pansi pa mtengo wa bulugama ndi mbaula zake ziwiri. Pa mbaula imodzi pankakhala chiwaya cha chapati, pa inayo mphika wa dalo, ndiye kuti nandolo wosenda wophika mwa Chimwenye, wothira chikasu, adyo ndi tsabola. Madalaivala a malole nthawi analibe. Munthu akasiya mapepala ake ku kasitomu ankathamangira pa bulugamapo, ndipo asanamalize n'kusamba m'manja komwe mbale inali itafika kale: machapati awiri, chipande cha dalo, ndi achali wa mango pambali. Wadya choimirira, wapukuta thukuta, uyo ulendo wa ku Chipata.

Luso limeneli sanachoke nalo kwawo ku Chiosya ayi. Analiphunzira pa boma, kukhitchini kwa Mmwenye wina wa sitolo, a Kasamu, kumene anagwira ukhukhi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Mayi Kasamu anali mphunzitsi wa mkono wopepuka: adyo akapserera, chipande chinkatera pa zala. Koma a Timoteyo anachikonda chakudyacho mpaka kumtima. Ndiwo zopanda tsabola ankaziyang'ana ngati zawalakwira.

Panyumbapo panalinso munthu wina amene anachikonda kuposa iwo, ndiye a Goodwin, kalaliki wa m'sitolo. Iii, khosi la munthu ameneyu! Ikangokwana thwelofu anali atafika kale pakhomo la khitchini, mphuno patsogolo. A Timoteyo ankawapatulira mbale tsiku ndi tsiku, ndipo awiriwa ankaitanana kuti achimwene.

Mu 1975 kunamveka manong'onong'o akuti Amwenye onse adzachotsedwa m'madera akumidzi. A Kasamu analankhula mosabisa kuti zikadzatero sitolo adzawasiyira a Timoteyo, poti ndiwo ankawakhulupirira. A Goodwin anamva, anaseka nawo, anawagwira chanza. Patangotha sabata anabwera kukhitchini ndi tsamba la nyuzipepala lopindapinda.

"Achimwene, lero kusitolo kwachuluka anthu," anatero a Goodwin. "Ndikulungireniko samusa zinayi umu ndikadyere konko."

A Timoteyo anakulunga, pepala osalitambasula. Ola lisanathe anatulukira ayufi asanu, anyamata a chipani, ndi pepala lomwe lija. Mkati mwake munali chithunzi cha mtsogoleri wa dziko, nkhope yonse ili noninoni ndi mafuta a samusa. Masiku amenewo, abale anga, zinthu zotere sizinali zoseka. A Timoteyo anawamenyera pakhomo pomwepo, epuloni ili m'chiuno, n'kuwaponya m'galimoto. Anakhala kundende zaka zinayi, khoti osalionako n'komwe.

Atatuluka anapeza a Kasamu anasamukira ku Limbe, ndipo pamwamba pa sitolo panali dzina la a Goodwin la penti wofiira. Kumudzi anapeza zowawa zenizeni. Mkazi wawo, a Filomena, anali atamwalira chaka chachiwiri, ndipo pamanda panali patamera kale udzu. A Goodwin, opanda manyazi, anabwera kudzapepesa maliro.

"Pepala lija ine ndinangolitaya, achimwene," anatero. "Kaya analitola ndani, Mulungu yekha akudziwa."

Mumtima mwa a Timoteyo munali moto, koma akanakadandaula kwa yani? Munthuyo tsopano anali wa sitolo, wodziwana ndi akuluakulu a chipani. Choncho anabwerera kumanda okha, n'kulumbira kuti malinga ali moyo, Goodwin sadzalawanso chophika cha manja awo.

Mwina museka kuti kubwezera kwanji kumeneko, munthu wakuphera banja iwe n'kumumana nandolo. Sekani, koma simunawadziwe a Goodwin. M'boma monse munalibenso wina wodziwa kuphika za Chimwenye, ndipo fungo la pa bulugama paja linkakambidwa mpaka kusitolo. Tsiku lina anapalasa njinga mpaka ku boda, atavala jekete, n'kukhala pa benchi ngati kasitomala wina aliyense.

"Chatha," anatero a Timoteyo, uku akuvundula mphika wodzaza mpaka m'khosi.

A Goodwin anayesa kutuma madalaivala ndi bakuli. Apo a Timoteyo anakhazikitsa lamulo: chakudya chawo sichichoka pamalopo, wofuna adyere pomwepo iwo akuona. Anthu ena anakwiya n'kusiya kubwera, iwo sanatekeseke. A Zelifa, mkazi wa a Goodwin, anayesa kuphika okha ndi kale, ufa wokometsera ndiwo wa m'paketi, koma chinkatuluka chiphala chachikasu chimene ngakhale mwini khosi ankachikankhira kumbali. Ndiye taonani nkhanza za a Timoteyo: Loweruka lililonse ankalowa m'sitolo muja kudzagula machesi, atavala malaya amene aphika nawo sabata yonse, n'kuima pa kauntala nthawi yaitali dala. A Goodwin ankameza malovu mpaka kumveka, ndipo a Timoteyo ankabwerera kwawo mtima uli mbee.

Zinayenda choncho mpaka mu 1986. Tsiku lina masana, malole ali ndondondo, a Zelifa anafika pa bulugama n'kugwada pafumbi.

"Bambo, anzanu aja adwalika," anatero. "Mwezi wachitatu uno. Kuchipatala anatibweza. Phala akukana, nsima akukana, akungotchula dalo wanu basi. Ndagwira mwendo wanu."

Madalaivala anasiya kutafuna. A Timoteyo anatembenuza chapati pa chiwaya, n'kuyankha osadzutsa mutu: "Pitani, mayi. Mawa masana ndibwera nacho ndekha."

Nkhani inawanda kuti mkulu uja wakhululuka. Ena anati ndi ukalamba, ena anati ndi mapemphero.

M'mawa mwake sanatsegule malonda. Anasinja zokometsera mu kamtondo kawo, anakazinga anyezi pamoto wochepa mpaka anafiira bwinobwino, anakanda fulawa mpaka mikono kuwawa. Achali anatapa wa m'botolo la chaka chatha, amene sankagulitsa kwa munthu. Kunena zoona, chiyambire ukhukhi wawo sanaphikepo chotero. Anamanga bakuli pa keliyala n'kupalasa kupita ku boma.

Anawapeza a Goodwin pa bedi atatsamira pilo, atatha, maso okha. M'chipindamo munali a Zelifa, alongo awo a wodwalayo awiri, ndi mkulu wa mpingo, a Benedict. A Timoteyo anaika bakuli pa kampando n'kuvundukula. Fungo linadzaza nyumba yonse. Misozi inayamba kutsika m'masaya mwa a Goodwin.

Kenako onse anadikira. Pajatu munthu ukabweretsa chakudya pakhomo pa eni, makamaka pamene panali chidani, umayamba walawa wekha anthu akuona, kuti adye mtima uli m'malo. A Timoteyo mwambowo ankaudziwa bwino lomwe. Anangokhala pansi n'kupinda manja.

"Idyani, achimwene," anatero. "Ndaphikira inu nokha."

"Bambo, simulawako kodi?" anafunsa a Zelifa ndi mawu apansi.

"Ine ndakhuta."

A Goodwin anayang'ana bakuli, anayang'ana a Timoteyo, anayang'ananso bakuli. Dzanja linanyamuka, linafika pafupi, n'kubwerera. Thukuta linali kamukamu pamphumi. A Zelifa, pofuna kuthetsa manyazi, anatenga supuni.

"Basi ndilawe ine," anatero.

"Siya!" anakuwa a Goodwin, ndi mphamvu zimene palibe ankadziwa kuti akadali nazo. "Zelifa, siya, ufa! Munthu uyu ndinamumangitsa ndine. Pepala lija ndinasankha ndekha, ndinakapereka ndekha kwa ayufi. Mkazi wake anafa iye ali kundende chifukwa cha ine. Ndiye lero andiphikire chabwino?"

Supuni inagwa pansi. Alongo aja anagwira pakamwa, a Benedict anawerama ngati akufunafuna kanthu pa simenti. A Timoteyo anatseka maso pang'ono. Zaka khumi ndi chimodzi akudikira mawu amenewa, ndipo anawakomera, asaname munthu, anawakomera kwabasi.

"Mayi, ndipatseniko madzi osamba m'manja," anatero.

A Zelifa anawathirira madzi. A Timoteyo anakokera kampando kaja kwa iwo, anang'amba chapati, anasunsa mu dalo, n'kuika m'kamwa. Anatafuna mosafulumira. Anatapa achali, anatsekemera maso ndi tsabola, anasunsanso. A Goodwin anawayang'ana pakhosi pamene chakudya chinkatsika, kudikira kuti agwa nthawi yanji. Munthu sanagwe. Pamene bakuli linafika pakati m'pamene wodwalayo anazindikira kuti munalibe kanthu kena kalikonse koma nandolo, adyo ndi tsabola.

"A Timoteyo, chitani chifundo," anatero a Benedict. "Munthu waulula."

"Ndamumva, abambo," anayankha a Timoteyo, m'kamwa muli chakudya.

A Goodwin anatambasula dzanja lawo lowonda.

"Achimwene," analira. "Ndisiyireniko pang'ono pokha. Kongolawa."

A Timoteyo anatenga kachidutswa kotsiriza ka chapati, anakazunguliza m'bakuli monse mpaka linawala, n'kukadya akuwayang'ana m'maso.