Bulangete la Mayi Ndinalipatsa Mlendo

Inu owerenga, ine ndinakana mayi anga pamaso pa anthu. Sindinalankhule mawu ayi, ndinangotukula chala.

Bambo anga anachoka nafe ku Katete kudzagwira ntchito m'mafamu a kufupi ndi Kasisi ine ndili kamwana. Mayi ondibala anamwalira chaka chomwecho, bambo n'kupita kumigodi osabweranso. Amene ananditola ndi a Rozaliya, a mtundu wa Asoli a ku Bundabunda, omwe tinayandikana nawo nyumba. Ndiwo anaima kumbuyo kwanga pa ubatizo, ndipo lonjezo lomwe anachita pamaso pa ansembe sanalitenge mwamasewera. Anali ndi ana anayi, ine ndinakhala wachisanu. Kukwapula ankandikwapula ngati wawo, kugawa chinangwa ankandigawira ngati wawo. Masiku aja a chipani chimodzi, tikaima pamzere wa sopo wina n'kufunsa kuti kamtsikana ka Chichewa aka n'kayani, iwo ankangoti, "Ni mwana wanga, mufuna chani?"

Nditakula ndinapeza mwamuna wakwathu kum'mawa. Akwawo anati za ukwati sangakambe ndi Asoli, akufuna abale enieni. Tinalemba kalata ku Katete, ndipo kunabwera azakhali omwe sanandionenso chichokere kumeneko. Ndinakomedwa, sindinama. Mphuno yawo inali yanga yomweyi, kaseka kawo kangati kanga, ine n'kumaona ngati ndapeza kwathu.

Tsiku lokambirana za ukwati litafika, akuchimuna anatulutsa bulangete la mayi, lija amapatsa amene anabereka mwana kumsana ndi kumulera. Nkhoswe inandiuza kuti ndiloze mayi anga. A Rozaliya anali pamphasa atavala chitenje chawo cha kutchalitchi, akumwetulira. Azakhali anangondiponya diso. Ndinaopa kuti kubanjako azikanditonza kuti ndine wotoledwa, basi ndinaloza azakhali.

Woyamba kuimba nthungululu anali a Rozaliya. Kenako anadzuka n'kupita kuseri kukatsuka mbale za alendo.

Tinasamukira ku Lusaka, pafupi pomwepa, ulendo wa basi imodzi. Koma manyazi anandimanga miyendo. Chaka chilichonse ndinkati ndipita kwa a Rozaliya tikakolola, ndipita ndikagula chowapepesera. Mwana wanga woyamba atadwala chikuku ndinawalira ngati ndine khanda, poti ndinkadziwa kuti dzanja lawo likanangomugwira pamphumi mtima wanga ukanakhala pansi. Paja amati chibale n'fupa sichiwola, koma azakhali aja sanandilembere ngakhale kalata imodzi.

Patatha zaka zisanu ndi ziwiri, mwana wamkulu wa a Rozaliya anafika pakhomo panga m'mamawa, fumbi lili mbuu. Anati, "Asisi, amai atisiya. Anakamba kuti tisawaike mpaka mwana wao wa ku Lusaka abwere."

Kumaliro anandikhazika pamodzi ndi ana, ndipo palibe amene ananditchulira za tsiku lija. Bola akananditukwana. Mpaka lero, ine wa imvi, ndimawasowa, ndipo ndikadutsa njira ya ku Kasisi mtima umandiwawa.

Inu owerenga, mayi si wa mphuno yofanana ndi yanu yekha ayi. Ngati pali wina anakulerani osakubalani, musaope za anthu, mutchuleni mayi iye akumva. Ndipo ngati munamulakwira, musadikire zokolola, kwerani basi lero. Ine mawu oti "amai, nikhululukireni" ndinakawanenera pa bokosi lokhomakhoma.