Mapepala amene ndinabweretsera Esinati

Ine ndinachoka pa Kampepuza chifukwa cha makina ometera. Musamvere anthu oti ndinakangana ndi alamu anga, ayi. Zaka makumi atatu ndinameta anthu pansi pa mkuyu wa pamsika, ndi sizasi ndi lumo, ndipo munthu wometedwa ndi Wedisoni Chimbalanga ankadziwika akadali patali. Kenaka magetsi anafika, achinyamata anagula timakina tolira ngati njuchi, mutu umodzi mphindi zisanu. Tsiku lina la msika ndinakhala kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, amene anaima pampando wanga ndi mmodzi yekha, nayenso ankafunsa njira. Ndinakauza Nangozo, mayi wa kunyumba kwanga, kuti ndikupita ku Joni. Anandiyang'ana imvi, n'kufunsa ngati kumeneko kukusowa madala. Ndinagulitsa njinga ndi mbuzi ziwiri, ulendo.

Ndinakagwera ku Kepi, ku Masiphumelele, m'kachisakasa ka malata koti ukatambasula miyendo wagunda chitseko. Mphepo ya kumeneko ilibe mwambo, imalowa osaodira. Miyezi yoyamba ndinkadula kapinga m'nyumba za azungu. Kenaka ndinapeza ntchito ya m'maluwa pamalo ena kufupi ndi Kommetjie, amati spa, kumene anthu olemera amapita kukatikitidwa msana, kukonzedwa zikhadabo ndi tsitsi. Tsiku lina adona, eni malowo, anandipeza kuseri ndikumeta ndevu mlonda ndi lumo langa la kumudzi. Anaima mpaka ndinamaliza, n'kukhudza tsaya la mlondayo. Sabata yotsatira ndinali m'kati, nditavala malaya oyera, ndikufunditsa azibambo thaulo lotentha kumaso.

Ndalama zinayamba kuoneka. Mwezi uliwonse ndinkatumiza, nyumba inafoleredwa malata, mwana wathu Esinati anaphunzira zatsitsi n'kutsegula saluni yake pa Kampepuza pomwepo. Koma chimene chinkandidya ndi ichi: m'malo muja samalankhula. Ine mawu anga ndi oti ndikayitana munthu kutsidya kwa dambo amayankha. Ndikangoti ndifunse bwana kuti kwawo ali bwanji, adona aja chala chili kale pakamwa. Kwathu kumeta ndi nkhani. Wometedwa amakusiyira tsitsi ndi za m'mudzi mwake zomwe. Kuja munthu amatseka maso, iwe n'kumupala khosi lonse, osadziwa ngati ali ndi ana. Lamulungu ndikachoka kutchalitchi ndinkakhala pabedi kumvera malata akulira. Masiku ena ndinkakwera takisi mpaka ku Bellville popanda chogula, kuti ndingokafuula limodzi ndi oyitanira pa renki.

Pano ndikakhala pakhonde anthu amandifunsa za nyanja ndi phiri lija la ngati tebulo. Sindiwauza kuti zaka zisanu ndi zinayi palibe munthu amene anandipatsa moni wa dzina la mfunda wanga.

Kumudzi ndinkatumiza mawu ojambula pa foni, osati olemba. Ndinene poti zinaululika kale: sukulu ndinalekezera Sitandade 3. Zimene mukuwerengazi ndazilemba ngati nkhuku yotola mapira, kamodzikamodzi, miyezi iwiri. Koma pa Kampepuza ankanditenga ngati munthu wophunzira, poti pamkuyu paja nyuzipepala sinkachoka m'khwapa mwanga, ndipo ndinkatsutsana ndi aphunzitsi pa zandale mpaka iwo kutopa. Ngakhale Nangozo sankalankhulapo.

Chaka chachinayi adona anasintha invoisi, pepala lija amapatsa kasitomala losonyeza zimene wachitiridwa ndi mtengo wake. Kale kanali kalisiti kopyapyala kotuluka m'makina, koti munthu amakataya pakhomo pomwepo. Latsopanoli linali lochindikala, loyera mopita ku chikasu, pamwamba duwa la m'mapiri a kumeneko ndi dzina la malowo m'malembo a golide. Ankalisunga m'bokosi limodzi ndi mafuta otikitira kuti litenge fungo. Pansi panali tsiku loti munthu adzabwerenso, mawu othokoza, kachigawo kong'amba koti akapatse mnzake adzalipire zochepa, ndi mzere woti amene wagwira ntchitoyo alembe dzina lake ndi dzanja. Adona anatisonkhanitsa n'kutiuza kuti mpando umatsala, thaulo limatsala, ndevu zimameranso, koma pepala ndi lokhalo limapita kunyumba ndi kasitomala. Likakhala lokongola salitaya, amalimata pa filiji, ndiye limatiyitanira anthu ife tili phee.

Sanali kunama. Ndinatha milungu itatu ndikuphunzira kulemba dzina langa mopendeketsa bwino pa makatoni. Posakhalitsa kunayamba kubwera azibambo oti sindinawaonepo, kapepala kong'amba kali m'manja, akufunsa kuti Wedisoni ndi uti. Ine amene ndinaletsedwa kulankhula, pepala linkandilankhulira. Ndinasunga limodzi m'Baibulo.

Maondo atayamba kukana kuima tsiku lonse, ndinaganiza zobwerera. Sindinafune kufika ngati ena amene amangobwera ndi wailesi ndi jekete. Ndinapita ku Bellville kwa munthu wina wa ku Mzimba wosindikiza mapepala, ndinamuonetsa la m'Baibulo lija, ndinati ndikufuna otere mabuku khumi. Pamwamba alembe Saluni ya Esinati, pambali ajambule chipeso, pansi pakhale dzina langa ngati woyang'anira. Ndinagulanso kabotolo ka mafuta onunkhira. Esinati sindinamufunse. Ndinkati mphatso safunsira.

Nditafika anandilandira bwino, nkhuku inafa. M'mawa mwake ndinapita kusaluni ndi katoni pamutu. Kachipinda kamodzi, galasi lalikulu, amayi anayi pabenchi akuseka za eni. Esinati ananunkhiza pepala limodzi, anati ndi lokongola zedi, kenaka anati, “Koma ababa, kuno sitilemba.” Ndinamuuza kuti n'chifukwa chake Malawi sakutukuka. Ndinabwereza zonse za adona, za filiji zomwe, mawu ali pamwamba, amayi aja akungoyang'ana pansi. Mwana wolera bwino satsutsa bambo wake pagulu. Anandiikira mpando ndi katebulo pafupi ndi chitseko.

Sabata imeneyo ndinali mfumu. Esinati akamaliza mutu, ine ndinkafunsa zimene walandira, kulemba nambala, kusayina, kupereka ndi manja awiri. Ena ankalandira n'kulipinda msangamsanga kulowetsa m'chitenje. Ndinkayesa ulemu.

Loweruka kunabwera amake Tadala, akazi a a Bonongwe ogulitsa zipangizo za njinga. Ankapita kuukwati wa mng'ono wawo, ndiye analukitsa meshi yabwino, kuyambira m'mawa mpaka masana. Ndinalemba 40,000, monga analipirira. Anati pepala lisiyeni, ine ndinawakakamiza, ndinaliika ndekha m'chikwama chawo. Fungo lija ndi limene linawapereka. A Bonongwe analimva, anatsegula chikwama, anawerenga. Kunyumba mayiwo anali atanena kuti tsitsilo ladya 4,000.

Lolemba pabenchi panalibe munthu. Lachiwiri chimodzimodzi. Lachitatu, tsiku la msika, ndinaona amayi amene ndinawalembera akudutsa ndi mipango kumutu, kupita kwa mtsikana wina woluka kuseri kwa chigayo. Esinati sanakalipe. Anasesa m'saluni mopanda tsitsi, kenaka anakhala pansi n'kundifotokozera ngati akufotokozera mlendo. Anati mayi aliyense wobwera muno ali ndi mitengo iwiri, wolipira ndi wokanena kunyumba. Ndalama za amake Tadala zinali zawo, za zitumbuwa, zosunga ku banki m'khonde mwamuna osadziwa, chifukwa akadziwa zimathera ku mowa. Tsopano a Bonongwe awalanda foni, awaletsa kugulu, ayitana ankhoswe Lachisanu. “Amayiwa sabwera chifukwa choti ndimaluka kuposa ena, ababa. Amabwera chifukwa zolankhulidwa muno zimathera muno.” Atatero anatenga mpando wanga uja n'kukauika panja.

Ku Kepi ndinali ndekha pakati pa anthu osandidziwa. Masiku awiri amenewo ndinali ndekha pakhonde la mwana wanga, anthu ondidziwa kuyambira ubwana akundilambalala.

Lachisanu ndinavala jekete, ndinapita kwa a Bonongwe osayitanidwa. Ankhoswe a mbali zonse anali pamphasa, amake Tadala atazyolika, pepala langa lili pakati, atalitsamiritsa ndi mwala. Ndinaodira, ndinapempha kulankhula. Ndinati akuluakulu, wolakwa ndine. Mayiwa analipira 4,000, ziro winayo ndinamuwonjezera ine.

A Bonongwe anati ndisawaseweretse. Munthu wa nyuzipepala, wochokera ku Kepi, angalakwitse nambala?

Pamenepo ndinanena zimene sindinauzepo munthu zaka zonsezi. Ndinati sukulu ndinathawa ndili Sitandade 3, nyuzipepala ndinkaonera zithunzi, nkhani zake ndinkazimvera pa wailesi m'mawa ndisanapite kumsika. Ndinati nambala ikapitirira maziro awiri ndimangolemba mpaka mzere udzaze. Mawu anga simuwadziwa inu, anamva ndi a nyumba yachitatu omwe.

A Bonongwe anaphulika kuseka mpaka kugwira m'mimba. “Ndiye ku Kepi kuja mumalemba chiyani, madala?” Ndinati dzina langa basi. Nkhoswe wina wachikulire, mayi, anandiyang'ana nthawi yaitali. Ndikhulupirira anadziwa kuti pa zonse ndinanenazo bodza linali limodzi lokha. Anatenga pepala lija, analing'amba pakati, anati mlandu wa ziro sungathetse banja, foni ibwezedwe.

Dzuwa lisanalowe nkhani inali itafika kuchigayo. Mpaka lero aphunzitsi aja ndinkawagonjetsa akandiona amandipatsa nyuzipepala chadodolido. Ndimalandira, nditani. Amayi anayamba kubwerera kusaluni mmodzimmodzi, ndipo podutsa pakhonde amagwada pang'ono pondipatsa moni, ulemu woti sanandipatsepo ndili ndi katebulo. Mpando wanga ukadali panja, koma tsopano Esinati amanditumizira azibambo okalamba ofuna lumo. Mabuku asanu ndi anayi ali m'katoni pansi pa bedi.

Tsiku la mlandu lomwelo, nditafika kunyumba, ndinapeza Nangozo akusankha nyemba pabwalo. Ndinakhala pambali pake. Zinali zitandilowa kuti ngati pa Kampepuza anthu amakhalirana posanena zonse, ndiye kuti nanenso pa foni paja ndinkangolandira zimene anandisankhira. Ndinamufunsa kuti zaka zonse zija, n'chiyani chimene sanandiuze.

Anaika lichero pansi, anayang'ana ngati kukubwera munthu, n'kukweza bulauzi pang'ono. Pamimba panali chipsera chachitali kuposa chikhatho changa. Anati chinali chotupa, anagona kuchipatala cha pa boma mwezi wathunthu, chaka chomwe chija ndinkamuuza tsiku ndi tsiku za pepala la golide. Zimene ndinkatumiza sizinakwane. Zotsalazo anasonkha ndi amayi a pabenchi la Esinati, amake Tadala ali patsogolo, kuchokera ku ndalama zomwe amuna awo sazidziwa. Chaka chimenecho mawu onse amene ndinkalandira ankati tonse tili bwino, mvula ikugwa.

Ndinafunsa kuti bwanji osandiuza, ndikanabwera.

“Mukanabwera ndi chiyani?” anatero, akutsitsa bulauzi. “Tolani nyemba zagwazo, nkhuku zingatole.”

Ndinagwada ndi maondo anga owawawa, ndinayamba kutola.