Mitambo ya m'kompyuta ndi mbewu ya amayi

Nditapuma ntchito ya ukalaliki ku esiteti ya tiyi, ndinayamba kulowerera milandu ya nkhuku za eni ake. Mwana wanga wamkazi wa ku Blantyre ataona kuti bambo ake atha ndi kukangana, anandibweretsera kompyuta yake yakale, yopinda ija.

"Ababa, m'malo movutitsa anthu, thandizaniko dziko," anatero.

Kathandizidwe kake kanali kachilendo. Anati kunjaku kuli akatswiri ofuna kudziwa mmene nyengo idzakhalire m'tsogolo, koma masamu ake ndi ochuluka moti makina awo okha sangawathe. Ndiye amagawira ntchitoyo aliyense wofuna, monga kapitawo amagawira mizere ya tiyi. Kompyuta yako imalandira kachigawo kake pa intaneti, imawerengera yokha kwa miyezi, ikamaliza imabweza yankho. Malipiro palibe.

"Nanga ineyo ndizichita chiyani?" ndinafunsa.

"Muzingoisiya yoyaka."

Ntchito yokoma chonchi ndinali ndisanaionepo, ndipo ndinailowa tsiku lomwelo.

Pagalasi la kompyutayo pankaoneka dziko lonse, lobulungira ngati lalanje, mitambo ikuyenda pamwamba pake. Pakona panali tinambala tosonyeza tsiku limene masamuwo afika. Tsikulo linali la kutsogolo kwambiri, zaka zimene ineyo ndidzakhale nditatsikira kulichete kalekale. Ndinkakhala pampando m'mawa, kapu ya tiyi m'manja, n'kumaonerera mvula imene sidzandinyowetsa.

Mayi a kunyumba poyamba sanaifune. Kwathu chilichonse cha magetsi chimavala kansalu koluka, kaya ndi wailesi kaya ndi kanema, ndiye iwo anaona kuti mlendoyu akukhala maliseche pabalaza. Anaifunditsa bwinobwino. Inalira, inatentha, kenako zii. Tinayankhulana mawu angapo amene sindingawalembe pano. Koma chiperoni chitafika, mvula yowaza ija yosatha ndi chisanu chake, mayiwo anatulukira kuti m'mbali mwa kompyutayo mumatuluka kamphepo kofunda. Kuyambira pamenepo inasanduka yawo. Masokosi anga ankauma pamenepo, mtanda wa mandasi unkafufuma pamenepo, ndipo magetsi akathima woyamba kudandaula za kafukufuku wa nyengo anali iwowo.

Tsopano ndinene za achemwali anga aakulu. Amakhala cha ku Likhubula, m'tsinde mwa phiri la Mulanje, pamunda umene anasiya amayi athu, poti kwathu munda ndi wa akazi. Ndi munthu wabwino, koma chibadwire sanamverepo mawu a mlongo wawo wamng'ono mpaka kumapeto. Iwo ndi amene ankasunga chimanga cha amayi, chamakolo chija cha maso olimba, chimene makolo athu anabwera nacho kuchokera kutsidya kwa mtsinje wa Muloza. Chaka chimene madzi anatsika m'phiri usiku n'kukokolola minda, anatenga chimanga cha m'munda ndi nkhokwe yomwe. Chinatsala ndi kathumba kamodzi ka mbewu kamene kanali kudenga la nyumba. Kwina kulikonse kumene tinafunsa, mtundu umenewo kunalibe.

Tsiku lina achemwaliwo anabwera kudzationa, ine n'kuwaonetsa ntchito yanga. Ndinaloza ndi cholembera.

"Apa ndi pa Mulanje."

"Nanga pathu ndi pati?"

"Pansi pa nsonga ya cholemberachi, pamodzi ndi Phalombe ndi Milange yemwe."

Ndinawafotokozera kuti mitamboyo ndi ya zaka za kutsogolo, osati ya mawa. Ndinabwereza ndithu. Ankagwedeza mutu, koma ine ndimawadziwa, akamagwedeza chonchija amakhala akuganiza za mtengo wa tomato.

Dzuwa la Okutobala linatiwamba, kenako kunagwa chizimalupsa, kamvula koyamba kongozimitsa moto wa m'tchire. Aliyense amadziwa kuti kameneka ndi kabodza, sikodzalira. Achemwali amadziwa zimenezi kuposa ine. Koma sabata imeneyo anatulukira kunyumba ine nditapita kuchipatala cha pa Boma kukatenga mankhwala a kuthamanga kwa magazi. Mayi a kunyumba anawalandira pabalaza, ndipo mwatsoka pagalasi paja panali chimtambo chachikulu chitaphimba pamene ndinaloza paja. Akuti achemwali anachiyang'ana nthawi yaitali, nafunsa kuti, "Alamu, chinthuchi chimanama?" Mayiwo, pokumbukira mandasi awo, anayankha kuti sichinawakhumudwitsepo.

M'mawa mwake achemwali anadzala kathumba konse. Munthu amasiyako pang'ono pa mbewu, kuchitira mwina. Iwo sanasiye ngakhale diso limodzi.

Ndinamva patapita masiku, ndipo ndinakwera kabaza nthawi yomweyo. Ndinawapeza ataima pamzere, manja m'chiuno, akuyang'ana phiri lopanda ndi kamtambo komwe. Chimanga chinali chitamera ndi kachinyezi kaja, koma timasamba tinali titayamba kupindika.

"Achimwene, mvula yanu ija ili kuti?"

"Achemwali, imene munaionayo ndi ya adzukulu a adzukulu athu."

"Ndiye mukuisungiranji m'nyumba mwanu?"

Ndinayesa kuwauza kuti ngakhale imeneyo si ulosi, koma kuyesa chabe, kuti akatswiri amafananitsa mayankho a makompyuta ambirimbiri kuti aone zimene zingadzachitike.

"Ndiye kuti adzukuluwonso mwina sadzaiona?"

"Mwina."

"Aa, koma mwana wanu anakupezerani ntchito."

Ndinafuna kuseka, koma ndinachita mantha. Ndinayang'ana timbewu tija n'kuona kuti tikauma, chimanga cha amayi chathera pomwepo, ndipo palibe sitolo imene tingakachigule. Achemwali nawo anali ndi mantha omwewo, kungoti iwo mantha amawatulutsa ngati ukali.

Panalibenso china koma kutunga madzi kumtsinje. Ine amene ndinakalamba ndikugwira cholembera ndinapezeka ndi ndowa ziwiri, thalauza nditapinda, ndikukwera kamtunda koterera. Anyamata onyamula katundu wa alendo okwera phiri ankadutsa n'kumandifunsa, "Madala, mwalembedwa ntchito ya mvula?" Ndinkawayankha kuti inde, ndipo malipiro ake ndi ofanana ndi a ntchito yanga inayo. Mayi a kunyumba anabweranso ndi ndowa yawo, osayankhula zambiri, poti ankadziwa mbali imene anaimba pa nyimboyi.

Munda wonse sitikanautha. Tsiku lachiwiri lomwe achemwali anayenda m'mizere, naima pakati, nalemba mzere pansi ndi chala cha kuphazi.

"Kuchokera apa kupita kumtsinje tithirira. Chakumtundachi chisiyeni."

Ananena mouma, koma ndinaona kuti sakuyang'ananso kumtundako. Zinandipweteka, chifukwa mbali imeneyo ndi imene amayi ankayambira kudzala.

Tinathirira mpaka mapewa anga anaiwala mwini wake. Mvula yeniyeni inachedwa, ndipo itabwera inabwera mwamwano, ngati kuti ife ndi amene tinachedwa. Chakumtunda chinali chitapserera kale. Chakumunsi chinadzuka, chinakula, chinabereka, ndipo achemwali anachilondera ngati mwana wodwala, mpaka anakangana ndi anyani a m'phiri maso ndi maso. Zokolola zake zinali za dengu limodzi basi.

Nthawi yonseyi kompyuta ija inali pantchito yake, osadziwa kuti yapalamula. Tsiku lina ndinangoona kuti yamaliza, yatumiza yankho, yalandiranso kachigawo kena. Ndinanyadira ndithu, sindibisa. Kwinakwake kuli munthu amene anaphatikiza masamu a pabalaza panga ndi a anthu ena, ndipo sadziwa kuti anadutsa pakati pa masokosi ndi mandasi.

Chimanga chitauma, achemwali anabwera atamanga kathumba m'chitenje. Sanafune mpando wa pakhonde. Analowa pabalaza, nakhala kutsogolo kwa kompyuta, nayang'ana mitambo ikuyenda.

"Zaka zimenezi ndi za kutsogolo, eti?"

"Eya, achemwali."

"Mvula ndikuiona. Nanga chimanga chimaoneka?"

"Ayi, minda saonetsa."

Kenako anamasula kathumba kaja, nakhuthulira mbewu patebulo, naigawa pakati ndi m'mphepete mwa dzanja. Mulu umodzi anaukankhira kwa ine.

Kwathu mbewu ya amayi sipita kwa mwana wamwamuna. Imayenda ndi akazi, monga munda. Ndinawakumbutsa zimenezo.

"Ndikudziwa," anatero. "Koma ine ndakula, achimwene, ndipo chaka chino ndaona kuti ndikhoza kulakwitsa. Isamagonenso nyumba imodzi."