Kamera yoweramira

Ndinaganiza zopita ku Joni sabata yomwe bambo anandipezera ntchito ku fakitale ya tiyi. Iwo anathera mphamvu zawo zonse pothyola tiyi, ndiye kuti mwana wawo agwire ntchito pansi pa denga, osanyowa ndi mame, chinali chinthu chachikulu. Ine ndinakwera minibasi ya ku Limbe m'mamawa, osatsanzika, ngati wakuba nkhuku.

Zaka zisanu ndi chimodzi ndinkasamalira maluwa kwa gogo wina wachizungu. Ndalama ndinkatumiza, amayi ankathokoza. Koma ndikaimba foni Lamlungu n'kunena kuti, "Apatseniko foni ababa," yankho linali lomwelomwelo: "Angotuluka kumene." Munthu wodwala mawondo, kutuluka Lamlungu lililonse! Ndinkadula foni n'kukhala ndekha pabedi, mtima ukuwawa.

Nditapempha tchuthi, gogo uja anandipatsa kamera yakalekale ya malemu amuna awo, kabokosi kakuda ka maso awiri, lina pamwamba pa linzake, ndi filimu imodzi ya zithunzi khumi ndi ziwiri. Kamera imeneyi siikidwa pamaso ayi. Umaigwira pamimba ndi manja awiri, n'kuwerama kuyang'ana pakagalasi ka pamwamba. Kagalasiko n'kachimbuuzi, ndipo ukatembenukira kumanja, chithunzi chimathawira kumanzere. Anzanga anaiseka kuti ndi wailesi yakufa.

Nditafika ku Thyolo, bambo anandipatsa moni wa alendo. Masiku atatu ankayankhula nane maso ali kutsidya, pamizere ya tiyi. Ndinachita mantha kuti tchuthi chitha asanandiyang'ane n'komwe.

Tsiku lachinayi ndinawapeza pakhonde. "Ababa, ndikujambuleni."

"Chita zako," anatero, nkhope ili kumbali.

Ndinaima patsogolo pawo, ndinawerama, n'kuyamba kulimbana ndi kagalasi kaja. Ndinachedwa ndithu. Iwo poona mutu wanga uli pansi, anayesa sindikuwaona, ndipo anatembenuka. M'kagalasimo ndinaona bambo anga akundiyang'ana pang'onopang'ono, kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Ndinadina batani lojambulira, koma mutu sindinaudzutse msanga. Misozi inali itandilengeza.

"Waonda," anatero chapansipansi. "Kumeneko kulibe chakudya?"

Filimuyo ndinakatsukitsa nditabwerera ku Joni. Chithunzicho m'mbali mwake n'chachimbuuzi, khonde lapendekeka, phazi limodzi ladulidwa. Koma pakatipo maso awo akuoneka bwinobwino, ali pa ine.

Pondiperekeza kukakwera minibasi, amayi anaulula. Lamlungu lililonse bambo ankasendeza mpando pafupi ndi iwo, khutu ku foni, n'kumawakodola kuti anene kuti atuluka. Sanatulukepo ndi tsiku limodzi lomwe.