Gbolahan ndi Mneneri Amene Anamuumba Yekha

M'dera lonse la malonda la Dugbe, kuno kwa Ayoruba, simukanapeza munthu wokonda Gbolahan Ajiboye, ndipo mwiniwakeyo ankaona ngati imeneyo ndi digiri. Anali ndi kashopu kokonzeramo makompyuta ndi mafoni, kopanikizika pakati pa mayi wogulitsa nsalu ndi bambo wosindikiza makadi a maukwati ndi maliro. Ntchito ankaidziwa, pamenepo tisamunamizire. Koma pakamwa pake! Ukamupititsira kompyuta yako itadwala, ankayamba wakufunsa mawu achinsinsi otsegulira, ukamuuza n'kukuseka pamaso.

"Dzina la mwana wanu ndi chaka chobadwa? Bwanji osangozula chitseko cha nyumba yanu, bambo, kuti akuba asamavutike?"

Anthu ankapirira chifukwa chinthu chikachoka m'manja mwake chinkagwira ntchito, koma potuluka ankatsonya.

Anabadwira ku Beere, dera lakale la mumzinda womwewo, m'nyumba ya malata adzimbiri ngati zonse za kumeneko. Bambo ake, amene anali telala, anamwalira iye akadali wamng'ono. Mayi ake, omwe aliyense ankawatchula Iya Gbola, kutanthauza mayi a Gbola, anamulera iye ndi mchemwali wake wamkulu Morenike pokazinga akara, zitumbuwa za nyemba, m'mbali mwa msewu. Sukulu ya ukachenjede anaiyamba koma sanaimalize, chifukwa anauza mphunzitsi wake pagulu kuti zimene akuphunzitsa zinatha ntchito agogo ake ali moyo. Anakwatirako, ndipo mkaziyo anayesetsa ndithu, mpaka tsiku limene Gbolahan anamuimika ngati kukhoti chifukwa cholemba mawu achinsinsi a foni kuseri kwa kalendala. Mkaziyo anamanga katundu wake, ngakhale kalendalayo anaitenga.

Moyo wake weniweni unali pa intaneti. Magetsi akangobwera, kapena jenereta ya wosindikiza makadi ikalira, Gbolahan ankalowa m'mabwalo a zokambirana ndi dzina lobisika n'kuyamba kulumana ndi anthu amene sanawaonepo nkhope. Wogwiritsa ntchito pulogalamu yoyendetsera kompyuta ya Linakisi ngati iye anali munthu, ena onse anali nkhosa. Wogula foni yodula ankamutcha kapolo wodzigulira yekha unyolo. Lamulo la milandu ya pa intaneti ankati ndi chikwapu chimene olemera anadzilukira chokwapulira aliyense wowaseka. Apa mwina ankanena zoona, koma ankazinena mwachipongwe choti ngakhale ogwirizana naye ankalakalaka atalakwitsa.

Chidani chake chachikulu chinali pa aneneri. Chinamera kale, pamene ankaona mayi ake akusiya chiwaya cha akara n'kukwera mapiri a mapemphero, kukalira kuti Mulungu agwire mwana wawo wouma mutuyo. Ndiye atakula anaumba mneneri wakewake, Mneneri Elikana wa Phiri la Netiweki Yosaduka, n'kumutsegulira tsamba. Ankajambula mawu ake m'Chiyoruba, n'kuwadutsitsa m'pulogalamu yowanenepetsa kuti azimveka ngati akuchokera m'chitsime, pambali pake kabelu kakulira. Elikana ankadzoza matchaja. Elikana ankatulutsa ziwanda m'mabatire otupa. Asananenere ankatsokomola kaye n'kukuwa kuti, "Ndikuona! Ndikuona!" ndipo anthu a pa tsambalo ankafa nacho chiseko.

Amene sanaseke anali bishopu wina wa tchalitchi chachikulu cha ku Ring Road, poti kutsokomolako ndi kukuwako zinali zake ndendende. Loya wake analengeza kuti mwini tsambalo akadzapezeka adzamangidwa ndi lamulo lomwe lija, ndipo nkhani inafika kupolisi. Gbolahan anangoyankha pa tsamba kuti, "Funani mpaka mumere imvi." Anali ndi chifukwa chodzitamira. Ankajambulira pa kompyuta yoyendera kafulashi kamene kankaiwala zonse akangokazula. Sankasunga kalikonse. Panalibe munthu ndi mmodzi yemwe wodziwa kuti Elikana ndi iye, ndipo chinsinsi chimenechi ankachikonda kuposa mmene anakonderapo munthu.

M'nyengo ya mphepo ya fumbi anatulutsa uthenga umene anauona kuti ndi wokoma kuposa yonse. "Ndikuona! Ndikuona! Wakumwa mapiritsi wanyoza Kumwamba! Tenga kapu ya madzi, ika foni pamwamba pake, liza uthenga uno, umwe. Shuga athawa, kuthamanga kwa magazi kuthawa, ngakhale apongozi ako athawa!" A pa tsamba anaseka monga mwa masiku onse. Koma wina anadula za apongozizo, n'kuponya zotsalazo pa Watsapu. Uthengawo unayamba kuyenda wokha, gulu ndi gulu, wopanda dzina la tsamba, wopanda chosonyeza kuti ndi nthabwala.

Tsiku lina masana Morenike anatsika pa okada, kabaza wa njinga yamoto, pakhomo pa shopu, fungo la tsabola amene amagulitsa kumsika wa Bodija lili tsatanetsatane. Moni sanapereke.

"Iwe katswiri wa dziko lonse, dzuka pamenepo. Maami agwa kubafa m'mawa uno."

"Agwa bwanji, achemwali? Mapiritsi a magazi ndinawagulira."

"Mapiritsi ako ali pansi pa bedi, fumbi lokhalokha. Akumwa madzi a foni. Tamva zimene zikupha mayi ako, iwe uli pano kutukwana anthu a ku Ulaya."

Morenike anadina foni yake. M'kashopumo munamveka kabelu, kenako chifuwa chimene Gbolahan ankachidziwa bwino chifukwa chinali chake. Anachita mantha, mantha enieni, amene anali asanawamvepo chibadwire.

"Nditamupeza galu amene analankhula zimenezi," anatero Morenike, "ndingamupake tsabola m'maso ndi manja angawa."

Gbolahan anangotseka shopu.

Ku Beere anapeza mayi ake atakhala pa benchi m'khonde, mapazi atatupa, diso limodzi lili psuu. Pambali pawo panali kapu ya madzi, foni itagona pamwamba pake. Anadzigwetsa chafufumimba kupereka moni monga mwa mwambo, koma mothamanga, ngati wolipira msonkho.

"Maami, amenewa ndi masewera. Mneneri Elikana kulibe."

"Kulibe? Nanga ndikumva mawu a ndani? Kwa iwe chilichonse kulibe. Mulungu kulibe, mkazi kulibe, ana kulibe."

"Ndi anthu oseka aneneri, Maami. Muthanso kufa nazo zimenezi."

"Uthengawu ananditumizira ndi Iya Aduke wa gulu lathu la mapemphero, ndipo tsiku limene ndinamwa madziwa mutu unasiya. Iwe unandisiyitsapo mutu? Umangoyambitsa."

Anawaonetsa tsamba lija, ndi za matchaja odzozedwa. Iya Gbola anangoti munthu amene mphamvu zake zafika mpaka pa matchaja si wamasewera. Gbolahan analemba pa tsamba kuti uthenga wa madzi unali nthabwala chabe, wina asataye mankhwala. Omutsatira anamuseka kuti mneneri wayamba kuopa polisi, ndipo mawu otsutsawo sanapite kulikonse. Kenako anaganiza zochenjera. Anajambula uthenga watsopano ndi mawu a Elikana, wolamula kuti odwala onse abwerere ku mapiritsi, n'kuutumiza kwa mayi ake kudzera pa nambala yachilendo.

Gogoyo anaumvetsera mpaka kumapeto n'kuufufuta. "Wabodza uwu," anauza ana ake. "Si iwe Gbola unandiphunzitsa kuti uthenga wa nambala yachilendo ndisamaukhulupirire? Si iwe unati makompyuta amatha kuba mawu a munthu? Madokotala alemba ganyu wina kuti ayerekeze munthu wa Mulungu." Pa zonse zimene Gbolahan analalikira moyo wake wonse, phunziro limene linalowa m'mutu mwa munthu linali limeneli.

Lamulungu lotsatira Iya Gbola analephera kupita kutchalitchi. Lilime linkalemera, kapu inkawapulumuka m'manja. Morenike anatumizira Gbolahan uthenga waufupi: akafuna adzaone mayi ake akulankhulabe, abwere.

Gbolahan anadziwa kuti njira yatsala imodzi, ndipo ankadana nayo. Anafika atanyamula chikwama, n'kukhala pansi pafupi ndi benchi.

"Maami, Elikana ndine."

Iya Gbola anaseka mpaka kutsokomola. "Iwe? Iwe amene sutha n'kupempherera chakudya komwe?"

"Ndine, Maami. Ndinamupanga ndine."

"Umboni uli kuti?" anafunsa Morenike, maso atachepa.

Umboni panalibe. Katswiri uja anali atafufuta mapazi ake bwino kwambiri moti ngakhale iye mwini sakanatha kudzigwira. Ndiye anatulutsa kompyuta, anabaya kafulashi kaja, analumikiza maikolofoni, n'kutenga kabelu m'chikwama. Anakaliza. Anatsokomola. Ndipo m'khonde la nyumba imene anabadwiramo, dzuwa likuswa mtengo, munamveka mawu a m'chitsime aja akutuluka pamene milomo ya Gbolahan inkayenda: "Ndikuona! Ndikuona!"

Morenike anavula duku n'kulimanga m'chiuno. "Ndiwe? Galu uja ndiwe? Ine kuthamanga ndi Maami uku ndi uku, iwe uli phee ndi kabelu kako m'chikwama!" Anazula patapata kuphazi n'kumuwomba nayo pakhosi, kenako pakhutu. Gbolahan sanatchinge n'komwe. Ankayembekeza kuti mayi akenso amutukwana, achita manyazi, kenako apempha mapiritsi awo, ndipo anali wokonzeka kulandira zonsezo.

"Morenike, chotsa manja ako pa munthu wa Mulungu!"

Iya Gbola anali atatsika pa benchi. Kwathu kuno mayi sagwadira mwana wake, ndi zinthu zoti ukaziona umatembenuza nkhope. Koma gogoyo anagwada ndi mawondo ake otupawo pamaso pa Gbolahan, misozi ili chuchuchu.

"Mapiri onse aja ndinakwera. Anthu ankandiseka kuti mwana wako ndi mwala, sadzasweka. Kani Mulungu anandiyankha kalekale, ine osadziwa!"

"Maami, dzukani! Ndimaseka! Ndimanyoza, Maami, ndimanyoza anthu ngati inu nomwe!"

"Iwe umaseka, Iye saseka. Pakamwa ndi pako, mawu ndi Ake."

Gbolahan anafuna kukuwa, anafuna kuphwanya kompyutayo. Moyo wake wonse ankafuna kuti mayi ake amukhulupirire iye kusiyana ndi aneneri, ndipo lero anamukhulupirira m'njira imene inamunyansa mpaka m'mafupa.

Morenike analowa m'chipinda, anabwera ndi botolo la mapiritsi n'kuliponya pamiyendo pake. Mawu ake anali ozizira. "Ndiye nenera, mneneri. Ukudikira kuti afe kaye?"

Gbolahan anatola maikolofoni. Analiza kabelu, n'kulamula mwa mawu a Elikana kuti mdzakazi wa Mulungu wa ku Beere amwe mapiritsi ake tsiku lililonse, chifukwa nyengo ya madzi yatha. Iya Gbola anayankha ameni, anatambasula chikhatho, Morenike n'kuikapo piritsi. Koma dzanja linalo linatola foni pamwamba pa kapu, chala n'kupita pa gulu la amayi a mapemphero.

Gbolahan ankalidziwa gulu limenelo, poti anawalowetsamo yekha. Theka la amayiwo linkapemphera ku Ring Road, kwa bishopu uja.

"Maami, musauze munthu. Akundifuna apolisi. Andimanga."

"Ntchito ya Mulungu ndiibise?"

"Chonde, Maami."

Iya Gbola anamuyang'ana ndi diso lofiira lija, n'kufumbata piritsi. "Tandiuza bwinobwino, Gbola. Ngati mawuwa ndi a Kumwamba, dziko limve. Ngati ndi ako, ndiye kuti za mapiritsizinso ndi zako, ndipo zako ine sindimwa."

Foni inali pafupi, Gbolahan akanatha kuilanda. Akanathanso kunena chilungamo, chimene ankadzitama nacho pa intaneti tsiku ndi tsiku. Anayang'ana mapazi otupa aja, ndi mlomo umene unali utayamba kupendekera mbali imodzi. Morenike sanamuthandize, anangopinda manja.

"Ndi a Kumwamba, Maami," anatero.

Iya Gbola anadina foni n'kulankhula ndi lilime lolemeralo, mosangalala ngati tsiku la ukwati. "Amayi anzanga, thokozani nane! Mneneri Elikana ndi mwana wanga wobala ndekha, Gbolahan Ajiboye, amene ali ndi shopu ya makompyuta ku Dugbe, pafupi ndi mayi wa nsalu. Amene simukukhulupirira pitani mukamuone." Uthengawo unapita. Kenako anaponya piritsi m'kamwa, n'kutsirira ndi madzi a m'kapu yomwe ija.

Gbolahan analongedza kompyuta yake pang'onopang'ono. Asanamange chikwama, foni ya m'thumba mwake, ija ya nambala yake yeniyeni, inayamba kulira, ndipo sanaiyankhe.

"Mawa ulawire, mneneri," anatero mayi ake akupukuta pakamwa. "Ine ndizimwa ukabwera kudzandiuza."