Pulanja ya Khofi ndi Dzanja la Atate

Ine ndimagulitsa salaula, zovala zovalidwa kale zochokera kunja, pa msika wa ku Chawama, ndipo aliyense wotsegula mabelo akuuzani kuti azungu sasecha m'matumba asanataye zovala. Ndapezamo matikiti a sitima, mano oikirira, ngakhale kiyi wa nyumba ya munthu amene sindidzamuona. Koma chimene ndinapeza m'thumba la m'mbali la chikwama china chobereka kumsana chinandizunguza mutu sabata yathunthu.

Kanali kachitsulo kooneka ngati kapu yaitali, kolemera bwino, kokhala ndi chogwirira. Kanali katagundidwagundidwa m'mbali, koma kosabooka. Pa chivindikiro panatulukira kandodo, ndipo ukakoka kandodoko, kumunsi kwake kumabwera kasefa kozungulira kothina bwino. Ndinakakoka, ndinakakankha, ndinakanunkhiza. Fungo linalimo, la chinthu chopserera, koma sindinalidziwe.

Mayi wogulitsa tomato pafupi ndi ine anakatembenuza kawiri n'kunena motsimikiza kuti, "Ba neba, ivi ni vokamira mkaka wa mwana."

"Ndi chitsulo chonsechi? Mwanayo ndi wa njovu?"

Tinaseka, koma mtima wanga sunakhazikike. Ine chinthu ndikapanda kuchidziwa ntchito yake chimandiyabwa. Sindinakaike pa tebulo logulitsira. Ndinapita nako kunyumba.

Nthawi imeneyo n'kuti atate ali kwathu mwezi wachitatu. Tinakawatenga kumudzi ku Katete, kumene anabwerera atasiya ntchito, atadwala sitiroko. Mwendo unabwerera, pakamwa panawongokako, koma dzanja lamanja linkangogona pamwendo ngati si lawo. Anamwino a ku kiliniki anandiuza mosapsatira kuti dzanja limenelo likapanda kugwira ntchito m'miyezi yoyambirira, liuma, ndipo silidzabwereranso. Anatipatsa kampira koti azifinya. Atate anakakankhira kunsi kwa bedi ndi phazi.

"Ndine mwana ine woti ndizisewera mpira?"

Ndinkapsa mtima, sindinama. Ndinawanyengerera, ndinawakalipira, ndinawaitanira abusa. Iwo ankangokhala pakhonde, maso ali pa ngalande. Munthu amene anaphikira azungu kumayadi ku Kabulonga ubwana wanga wonse, amene ankasenda mbatata akuyang'ana kumbali, tsopano ndinkawamangira mabatani a malaya ndine. Zinkandiwawa, komanso ndinkachita mantha, chifukwa masiku amene anamwino ananena ankatha ndikuona.

Lamlungu titaweruka ku tchalitchi ndinagamula ndekha kuti kachitsulo kaja ndi ka tiyi. Ndinathiramo masamba, mkaka, shuga ndi madzi otentha, n'kuyamba kupopa kandodo kaja, m'mwamba, pansi, m'mwamba, pansi. Thovu linayamba kutuluka, ine n'kumadziona wochenjera.

"Iwe! Ukuitani pulanja imeneyo?"

Ndinatembenuka. Atate anali atawongoka pampando, maso ali gwa pa manja anga.

"Mwati chiyani, atate?"

"Pulanja. Ya khofi. Sapopa ngati njinga, uononga sefa."

Ha! Sabata yonse ndikufunsa msika wathunthu, chikhalirecho yankho lili pakhonde panga. Ndinawafunsa kuti imagwira bwanji. Anayankha mwachidule kuti popanda khofi palibe choti andionetse.

M'mawa mwake ndinagula kapaketi ka khofi pa kantemba, kagolosale ka pafupi ndi kwathu. Atate anatsina pang'ono ndi dzanja lamanzere, n'kupukusa mutu. "Uyu ndi wosungunuka. Sefa isefa chiyani pamenepa? Pamafunika wogaya, wokhakhala ngati mchenga wa kumtsinje."

Ndinakwera maminibasi awiri mpaka ku sitolo yaikulu ya kumayadi. Ndinaima pa shelefu ndikugwedeza mapaketi pafupi ndi khutu kuti ndimve wokhakhala, mlonda akundiyang'ana ngati ndapenga. Mtengo wake ndinautukwana chamumtima, koma ndinagula. Ndinkafuna kuona mathero ake, komanso kanali koyamba atate kufuna chinthu chichokereni ku Katete.

Tsiku lotsatira magetsi anali atapita mwa nthawi zonse, ndiye ndinakoleza mbaula pakhonde. Ndinaika pulanja pa kampando kamatabwa patsogolo pawo, iwo n'kuyamba kulamula. Mawu awo anali ena, a munthu amene ali pa ntchito.

"Yamba waitsuka ndi madzi otentha, chitsulo chifunde. Taya. Masupuni awiri odzaza. Ayi, odzaza, usaumire. Madzi awira? Aphule, apume kaye."

"Apumiranji, athamanga?"

"Owira kwambiri amapsereza. Thira. Vundula kamodzi. Vindikira, koma kandodo kakhale m'mwamba. Tsopano dikira."

"Mpaka liti?"

"Ine ndinalibe wotchi. Ndinkapukuta nsapato za bwana, zonse ziwiri. Zikawala ndiye kuti wapsa."

Ndiye tinakhala pamenepo kudikira nsapato zimene panalibe. Ndinaona dzanja lawo lamanzere likuyenda pabondo, uku ndi uku, ngati lagwira burashi. Linamaliza bondo limodzi n'kupita pa linzake. Fungo lija ndinalimva m'kachitsulo tsiku loyamba linadzaza khonde lonse, koma tsopano lamoyo, mpaka mayi wa nyumba yoyandikana anasuzumira pa mpanda.

"Basi. Kankha."

Ine ndi manja anga onyamula mabelo ndinakankha kamodzi, kwamphamvu. Khofi anathovoka pa kamlomo, psuu, kundiwotcha pamkono, wina pa chitenje cha ku tchalitchi chimene ndinali ndisanachape n'komwe. Ndinakuwa. Atate anaseka, kuseka kwenikweni, ndi pakamwa pawo popotoka paja.

"Manja a pa msika! Ukuyesa ukutsindira katundu m'thumba?"

Mkono ukundinyenyena, ulemu unandithawa. "Ndiye pangani nokha, poti akatswiri ndinu!"

Mawu atatuluka ndinafuna kuwameza. Kuseka kunatha. Atate anayang'ana dzanja lawo lija, ine ndinayang'ana pansi. Ndinali pafupi kupepesa pamene anati, "Tsuka. Yambanso."

Ndinabwereza zonse, manyazi ali tho. Nsapato zitawala kachiwiri, atate anatambasula dzanja lamanzere n'kuliika pa kandodo. Atangokankha, pulanja inatsetsereka pa kampando, pang'ono kugwa. Apa m'pamene ndinaona kuti kanthu kameneka, kuchepa konseku, kamafuna manja awiri, lina logwira chogwirira, lina lokankha. Ndinathamangira kuti ndiwagwirire.

"Chotsa dzanja lako."

Ananyamula dzanja lamanja ndi lamanzere, monga mmene munthu amanyamulira mwana wa nkhuku, n'kulikhazika pamwamba pa kandodo. Kenako lamanzere linagwira chogwirira. Poyamba dzanja lodwalalo silinachite kanthu, kulemera kwake kokha ndi kumene kunayamba kutsitsa kandodo, pang'onopang'ono, popanda phokoso. Kanatsika mpaka pakati n'kuima.

Ndinaluma mlomo kuti ndisalankhule. Thukuta linatuluka pamphumi pawo. Phewa linanjenjemera. Kenako ndinaona mtsempha wa pamkono ukudzuka, zala ziwiri n'kupinda pa kamutu ka kandodo. Kanayambanso kutsika. Kanafika pansi, ndipo sipanatayike ngakhale dontho.

"Umu ndi mmene amachitira," anatero, akupuma ngati akwera phiri.

Munatuluka kapu imodzi yokha, yosadzaza n'komwe. Ndinadabwa kuti anthu amapangiranji chiwiya cha munthu mmodzi, ngati kwawoko alendo safika. Atate anakankhira kapuyo kwa ine.

"Imwani ndinu, atate. Mwapanga ndinu."

"Imwa iwe, undiuze mmene amakomera."

"Ndikuuzeni ine? Inu amene mwapanga zimenezi zaka zonse zija?"

"Ndinkangomva fungo," anatero. "Ife a kukhitchini tinali ndi tiyi wathu, m'chitini china."

Sanadandaule, anangonena ngati akunena za mvula ya chaka chatha. Koma ine chinandibaya. Ndinakumbuka mmene ankanyamukira ife tili m'tulo, wapansi kuchoka ku komboni, kuti madzi akhale atapuma bwana asanadzuke. Ndinakwiyira anthu amene sindinawaonepo, mwina anamwalira kalekale. Ndinabweza kapu ija mpaka inagunda bondo lawo.

"Ine sindimwa. Muno mulibe chitini china."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako analowetsa zala za dzanja lamanja m'chogwirira cha kapu, lamanzere likuchirikiza kunsi. Kapu inanjenjemera, khofi wina anatayikira pa buluku, koma inafika pakamwa. Anapsontha kamodzi. Nkhope yonse inakwinyika, mbali yodwala yomwe.

"Mayo ine! Kuwawa chonchi? Ndiye ndinkadzukira zimenezi?"

Ndinaseka misozi ikutsika, osadziwa kuti yachokera mbali iti. Iwo anapsonthanso, kuti atsimikize, n'kupukusa mutu.

"Bweretsa shuga," anatero. "Ndi supuni. Ndivundula ndekha, iwe umaononga."

Ndinawapatsira supuni cha kumanzere, mwa chizolowezi cha miyezi itatu. Iwo anaisiya ili m'malere mpaka dzanja lamanja litafika.