Tsiku Limene Ndinamasulira Mawu a Eliza

Uthenga wa imfa ya Bambo Malizani utafika, ana anga anandipempha kuti ndilembe zimene ndikukumbukira za iwo. Anthu ambiri anawadziwa ali kale loya wa imvi, woimira ana amasiye ndi amayi olandidwa nyumba. Ine ndinawadziwa asanakhale loya, ndipo ndi iwo amene anandilemba ntchito yanga yoyamba.

Zinali zaka za m'ma 1950. Mwamuna wanga anali wapolisi ku Zomba, ndipo kumeneko ndi kumene ndinaphunzira Chichewa, chomwe nthawi imeneyo tinkati Chinyanja. Atamwalira ndi chifuwa, ndinabwerera kwawo kufupi ndi Kande pamodzi ndi ana anga awiri. Mkulu wake, mlamu wanga Yakobe, anatipatsa nyumba ndi munda wa chinangwa. Yakobe anali ndi khoka lalikulu ndi mabwato atatu, analinso mkulu wa mpingo. Theka la mudzi linkadya ndiwo chifukwa cha khoka lakelo.

Lamulungu lina titaweruka ku tchalitchi, mphunzitsi wina wa ku Bandawe anandiuza kuti boma latumiza munthu wa ku Dedza kudzakhala mlangizi wa makhoti a mafumu, ndipo akusowa womasulira, popeza samva Chitonga chathu. Amene analipo anali atapita ku Joni. Mlangiziyo ankafuna munthu wamayi, chifukwa amuna ambiri anali kumigodi, ndipo obwera ku khoti anali makamaka amayi ndi ana. M'mawa mwake ndinayenda wapansi mpaka ku Chintheche.

Ndinapeza Bambo Malizani, munthu wochepa thupi, wa magalasi omanga ndi ulusi, atakhala pa tebulo lodzaza mabuku. Ankaphunzira zamalamulo kudzera pa positi, ndipo anthu anali atayamba kale kuwatcha Loya, ngakhale pepala anali asanatenge. Sanandifunse za sukulu. Anaitana mayi wina wogulitsa usipa amene ankadutsa, namufunsa za ana ake, ine ndikumasulira. Titamaliza anati:

"NyaMhone, chilankhulo mukuchidziwa. Koma munthu akati ‘ine’, inunso muziti ‘ine’. Musamati ‘akuti’. Musachotsepo, musawonjezepo, musakometse. Akatukwana, inunso tukwanani."

Ntchito yake inali yotere. M'khoti la mafumu loya sankaloledwa kuimira munthu. Oweruza anali akuluakulu atatu, ndipo mlandu wonse unkayenda m'Chitonga. Bambo Malizani ankakhala pambali ndi buku lalikulu la milandu, cholembera ndi botolo la inki. Ine ndinkaima pakati pa iwo ndi mboni, n'kumamasulira chiganizo chimodzichimodzi, iwo akulemba. Mboni ikatha, ankawerenga zimene alemba, ine n'kubwezera m'Chitonga, mboniyo n'kudinda chala chachikulu pansi pake. Pambuyo pake ankazitaipa pa makina, ataika kaboni pakati pa mapepala, ndipo pepala limodzi linkapita ku boma. Zolembedwa m'bukumo ndizo zinkaonedwa kuti zachitika. Zosalembedwa zinkathera pomwepo.

Miyezi yoyamba ndinavutika. Kunena kuti "anandimenya ine" pa nkhani ya mwini kunkandilemera. Tinkayenda maulendo ataliatali, iwo akukankha njinga yomangapo makina ndi buku, mpaka ku Mpamba ndi ku Sanga. Bambo Malizani ankachita chinthu chimodzi chimene oweruza sankachikonda: mlandu ukakhudza mwana, ankapempha kuti mwanayo alankhule yekha.

Kenako panabwera samani yolembedwa dzina la mlamu wanga.

Wodandaula anali NyaKamanga, mkazi wamasiye wa mng'ono wina wa Yakobe amene anafera kumigodi. Atabwerera kwawo ku Sanga, anakakamizidwa kusiya kwa Yakobe mwana wake Eliza, wa zaka zisanu ndi zinayi, popeza anali atalowoledwa ndipo mwana anali wa kuchimuna. Tsopano anali atamva kuti dzanja la mwanayo lapsa, ndipo ankamufuna. Yakobe ankati mwana anagwera yekha pamoto wowambira nsomba.

Ine ndinkadziwa kuti sizinali choncho. Tsiku limene anapsalo ndinali pa mtondo kuseri kwa nyumba yanga. Ndinamva Yakobe akukalipa, ndinamva mwana akupepesa, kenako ndinamva kulira kumene sindifuna kukufotokoza. Munsi unaima m'manja mwanga, koma sindinapiteko. Ndi ine amene ndinamupaka mankhwala m'mawa mwake, osafunsa kanthu.

Ndinayenera kuwauza Bambo Malizani kuti woimbidwa mlanduyo ndi mlamu wanga. Iwo anali mlendo, sankadziwa maubale athu. Ndinaopa kuti andichotsa ntchito, ndipo ndinakhala chete.

Kutatsala tsiku limodzi kuti mlandu uzengedwe, Yakobe anandipeza masana kudambo ndikuvuula chinangwa. Anaima kanthawi akuyang'ana munda.

"Mlamu, chinangwa chakuchitirani bwino chaka chino," anatero. "Nthaka ya bambo athu imeneyi. Ana anu akukhuta?"

"Akukhuta, ada."

"Ndakondwa. Paja mawa pakamwa pa mlendo uja ndi inu."

Anatembenuka. Anapita.

Khoti linali la njerwa, lofolera udzu, ndipo tsiku limenelo linadzaza mpaka ena anaima m'mazenera. Apongozi anga anakhala kutsogolo kwa amayi. Asodzi a pa khoka la Yakobe anadzaza benchi yonse yakumbuyo. NyaKamanga anali ndi mlongo wake mmodzi yekha.

Yakobe analankhula bwino, mofatsa, ngati akulalikira. Ndinamasulira zonse mosaphonya. Mboni ziwiri zinavomereza kuti mwana anagwa yekha. Oweruza anayamba kunong'onezana, ndipo zinkaoneka kuti mlandu watha. Pamenepo Bambo Malizani anaimirira, navula magalasi.

"Ndikupempha akuluakulu kuti timveko mwanayo."

Wamkulu wa oweruza anati mwana alibe mawu pabwalo pamene atate ake alankhula. Bambo Malizani anayankha mwaulemu kuti alemba m'buku kuti pempholo lakanidwa. Oweruza anayang'anizana, kenako analola.

Eliza anabwera atabisa dzanja lamanja m'nsalu. Anali wamfupi moti tebulo linkamufika pachifuwa. Bambo Malizani anachoka pa mpando, nakhala pa chitsa pafupi naye, buku lili pamiyendo.

"Mufunseni kuti dzanja lake linatani."

Ndinamufunsa. Mwanayo anayang'ana pansi. Kenako anayamba kulankhula ndi mawu aang'ono, koma m'nyumbamo munali zii moti aliyense anamva. Anati anali ndi njala, natenga nsomba imodzi pa waya wowambira. Atate ake aakulu anamupeza akudya. Anamugwira pamkono, nakanikiza dzanja lake pa waya wotenthawo, n'kumuuza kuti wakuba amayamba ndi nsomba imodzi.

Anthu onse anamva, pakuti zinali m'Chitonga. Munthu mmodzi yekha ndiye sanamve, ndipo ndiye anali ndi cholembera. Maso onse anali pa ine. Ndinaona apongozi anga. Ndinaona Yakobe atapinda manja. Ndinaganiza za ana anga ndi denga lathu.

Ndinati, "Akuti anapsa pa waya wowambira nsomba."

Silinali bodza lenileni, ndipo ndinadzitonthoza nazo zimenezo kwa kamphindi. Bambo Malizani anaviika cholembera mu inki, koma sanalembe. Anachigwira m'mwamba mpaka dontho linagwera pa buku. Anayang'ana anthu, nayang'ana mwana, kenako ine.

"NyaMhone, mwati ‘akuti’."

"Pepani, bambo."

"Tiyambirenso. Mumupemphe anene pang'onopang'ono, inu muzindipatsa chiganizo chimodzichimodzi."

Wina kumbuyo anang'ung'udza kuti mwana watopa. Wamkulu wa oweruza anati nkhani yamveka kale. Bambo Malizani anati, "Inu mwamva, akuluakulu. Ine sindinamve." Sanakweze mawu.

Ndinagwada kuti ndifanane msinkhu ndi Eliza, ndipo ndinamuuza kuti anenenso. Anandiyang'ana modabwa. Chinyanja sankachidziwa, koma ankadziwa kuti wanena kale zonse. Anandifunsa monong'ona ngati walakwitsa. Ndinamuuza kuti sanalakwitse.

Ananena chiganizo choyamba. Ndinaimirira, ndinati, "Ndinali ndi njala."

Cholembera chinayenda.

"Ndinatenga nsomba imodzi."

Chinayendanso.

"Ada Yakobe anandipeza ndikudya. Anandigwira pamkono. Anakanikiza dzanja langa pa waya wa moto. Ndinawapepesa, sanandisiye."

Apongozi anga anafunda nsalu kumutu. NyaKamanga analira mokweza, mlongo wake n'kumugwira. Yakobe anati mwana waphunzitsidwa ndi amake, ndipo mawu amenewonso ndinawamasulira monga anawanenera. Bambo Malizani anawerenga zonse, ine ndikubwezera m'Chitonga, Eliza akuvomera ndi mutu. Itakwana nthawi yodinda, anatulutsa dzanja lamanja m'nsalu muja. Zala zitatu zinali zitamatirana, ndipo pachikhatho panali mizere ya waya yooneka bwinobwino. Bambo Malizani anapempha oweruza kuti ayang'ane, nalembanso zimene anaona. Mwanayo anadinda ndi chala cha kumanzere.

Zitalowa m'buku, panalibenso pozembera. Oweruza anagamula kuti Eliza apite ndi amake, ndipo nkhani ya kupsayo inatumizidwa ku boma. Yakobe anakakhala kundende miyezi ingapo, nachotsedwa pa ukulu wa mpingo.

Anthu atabalalika, ndinawauza Bambo Malizani kuti Yakobe ndi mlamu wanga, kuti nyumba imene ndikukhala ndi yake, ndiponso kuti ndinamva kulira kwa mwanayo tsiku lija osachitapo kanthu. Ndinkayembekezera kuchotsedwa ntchito. Iwo anapukuta cholembera nthawi yaitali.

"Munalakwa kundibisira," anatero. "Inenso ndinalakwa kusafunsa. Lolemba tili ku Mpamba, mufike msanga."

Sabata isanathe ndinapeza akatundu anga ali panja. Chinangwa changa anakumba ena. Ndinatenga ana anga n'kukakhala m'kachipinda ka mayi wina wa mvano ku Chintheche, ndipo apongozi anga anamwalira osandilankhulanso. Bambo Malizani anafuna kukasuma za mundawo, ine ndinakana. Ndinali nditatopa ndi kuyang'anizana ndi abale m'khoti.

Ndinagwira nawo ntchito zaka zinayi, mpaka pamene anapita kukamaliza maphunziro. Atakhala loya, anzawo anatsegula maofesi m'tauni nalemera. Iwo anakhala moyo wawo wonse pa milandu imene ena ankaikana: ana omenyedwa, atsikana okwatiwitsidwa ali aang'ono, amayi othamangitsidwa maliro asanathe. Ina mwa milanduyo analuza, ndipo anthu ambiri ankawada. Eliza anakula, nakhala mphunzitsi ku Sanga. Pa bolodi ankalemba ndi dzanja lamanzere.

Patapita zaka zambiri, tonse titakalamba, anabwera kudzandiona akuchokera ku mlandu ku Nkhata Bay. Ndinawafunsa chinthu chimene chinandivuta nthawi yonseyo. Chitonga sankachimva, nanga anadziwa bwanji kuti ndabisa? Kodi anali mawu amodzi aja okha a ‘akuti’?

Anapukusa mutu. "Mawu amenewo munkawaphonya kawirikawiri masiku amenewo, sakanandidabwitsa. Koma mwana akulankhula, anthu onse anagwira mpweya. Inu mutamasulira, ndinamva nyumba yonse ikupumira pansi. Ndinadziwa kuti akuluakulu apulumuka, mwana watsala yekha."

Ndinamasulira m'makhoti mpaka maso anga atafooka, ndipo ndinaphunzitsa atsikana angapo ntchitoyi. Aliyense wa iwo ndinamuuza nkhani ya Eliza, osabisa mbali yanga. Ndipo ndinkawauza kuti pa nkhani ya mwana, akaona akuluakulu onse amasuka nthawi imodzi, asalole kuti buku litsekedwe, amufunsenso mwanayo.